Mwala umodzi unatiswera thanki: phunziro la kumanga miyala ya nsomba za m'nyumba

Unali usiku wa mwezi wa June, nthawi imene kuno ku Mzuzu munthu amagona atavala masokosi. Cha m'ma 2 koloko tinangomva kuti "khoo!" pabalaza, kenako phokoso la madzi ngati wina waiwala kutseka mpopi. Mayi akunyumba anandigwedeza. "Bambo a mwana, tadzukani, kaya ndi akuba kaya n'chiyani." Nditangotsitsa phazi pabedi, ndinaponda madzi ozizira.

Sanali akuba. Thanki yathu ya galasi, yolowa malita 200, imene timawetamo nsomba za mbuna, inali itang'aluka pansi. Mulu wa miyala umene tinausanja bwinobwino mkatimo unali utagumuka, ndipo mwala waukulu kwambiri ndi umene unamenya galasi. Nsomba zinali phiriphiri pasimenti. Chimene chinandiopsa koposa ndi ekisitenshoni ya magetsi, yomwe inali pansi ndithu, madzi ataizungulira. Ndinakuwa kuti aliyense asaponde pabalaza, n'kuthamangira kukazimitsa magetsi a nyumba yonse.

Mwa nsomba 12 tinapulumutsa zisanu ndi ziwiri, tikuzitola ndi tochi n'kumaziponya mu ndowa. Zisanu zinafa. Mnyamata wathu, yemwe anali mu Sitandade 7 ndipo ndi amene ankazidyetsa m'mawa uliwonse, anakhala pakhomo la kuchipinda kwake osayankhula. Kutacha anangofunsa funso limodzi: "Adada, wagwetsa mwalawo ndani?"

Wogwetsa mwala anali m'madzi momwemo

Yankho lake n'lakuti anagwetsa ndi nsomba zomwezo, koma wolakwa ndinali ine. Pokonza thankiyo ndinayamba ndathira mchenga wambiri pansi, kenako n'kusanja miyala pamwamba pa mchengawo. Zinkaoneka bwino zedi. Chimene sindinachiganizire n'chakuti mbuna ndi nsomba zokumba. Yaimuna ikasankha phanga lake imatapa mchenga ndi pakamwa n'kukaulavula panja, usana ndi usiku, mpaka pansi pa mwala patsala mphako. Tinkaziona zikuchita zimenezi n'kumaseka, eti zikusesa pakhomo. Osadziwa kuti zikufukula maziko a nyumba.

Patapita masabata angapo, mnyamata uja anabwera ndi foni ya amayi ake. Anali atapeza mavidiyo pa YouTube a anthu akunja amene amaweta korali m'mathanki a madzi amchere. "Adada, taonani, awa amamata chilichonse ndi guluu. Palibe chimagwa." Poyamba ndinkaganiza kuti n'zachibwana. Koma titakhala pansi n'kuonera limodzi, ndinazindikira kuti vuto limene anthu amenewa analithetsa kalekale ndi lomwe lija linatiswera thanki: kodi chinthu ungachikhazike bwanji m'madzi kuti chisasunthe?

Korali n'chiyani, nanga amaimatiranji?

Ambiri tikaona korali pa TV timayesa ndi maluwa kapena miyala yokongola ya pansi pa nyanja. Chilungamo chake n'chakuti korali ndi nyama. Ndi tizamoyo ting'onoting'ono tambirimbiri tokhala pamodzi, ndipo mitundu yambiri imadzipangira chigoba cholimba cha laimu chimene m'kupita kwa zaka chimasanduka matanthwe. M'thupi mwa tizamoyoti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa n'kumagawira korali. N'chifukwa chake korali imafuna madzi oyera, ofunda ndi owala. Kufupi ndi kwathu kuno imapezeka m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, monga kuzilumba za Quirimbas ndi Bazaruto ku Mozambique, komanso ku Zanzibar.

Oweta korali kunyumba nthawi zambiri amayamba ndi kachidutswa kongodulidwa ku korali ina, kakang'ono ngati chala, monga mmene ife timabzalira chinangwa ndi phesi. Kachidutswaka kamafuna kukhazikika malo amodzi kwa masabata angapo kuti kamere n'kudzigwira kokha pamwala. Kakamagubuduzika ndi mafunde a pampu, kapena nkhono ikakagunda n'kugwa chafufumimba pamchenga, mnofu wake umanyuka, kuwala sikakupeza, ndipo kamafa. Kakagwera pa korali inzake, ziwirizo zimawotchana, pakuti korali imaluma.

Njira imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi supaguluu, yemweyu timamatira nsapato, koma wokhuthara ngati mafuta odzola. Guluu ameneyu amauma akakhudzana ndi chinyezi, choncho amagwira ngakhale pansi pa madzi, ndipo akauma savulaza zamoyo. Amapukuta tsinde la kachidutswako, n'kupakapo guluu, n'kukakanikiza pamwala kwa masekondi 20 kapena 30. Mwala ukakhala wa mabampu amawonjezera epoxy, phala lija la mitundu iwiri limene umalikanda ndi zala mpaka lifanane mtundu. Paokha epoxy samata kwenikweni, amangodzaza mipata n'kuuma ngati mwala. Ndiye amapaka guluu pansi, epoxy pakati, guluu wina pamwamba, kenako korali. Mitundu yofewa ya korali imakhala yoterera ngati therere moti guluu sagwira, choncho amaimangirira momasuka pa kamwala ndi labala kapena kaukonde mpaka idzigwire yokha. Amavalanso magulovesi, chifukwa mitundu ina ili ndi poizoni woopsa kwa munthu.

Luso limeneli silithera m'nyumba. Pa chilumba cha Mnemba ku Zanzibar, anthu obwezeretsa matanthwe owonongeka agwiritsapo ntchito Pratley Putty wa ku South Africa, amene amakaniki ndi mapulambala athu amamudziwa bwino, pomatira tizidutswa ta korali pansi pa nyanja.

"Ndiye ifenso tiwete korali?"

Funso limeneli ndinkaliyembekezera. Ndinamuuza mwanayo kuti ayi, ndipo ndinamupatsa zifukwa. Korali sikhala m'madzi opanda mchere. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse, ndipo si mchere wa kukhitchini uja, koma wosakaniza mwapadera umene uyenera kuchokera kunja. Imafuna magetsi owala kwambiri, pampu yosaima, ndi kutentha kosasinthasintha. Magetsi akazima tsiku lathunthu, ndalama zonse zalowa m'madzi. Komanso korali yolimba ili pa mndandanda wa zamoyo zotetezedwa ndi pangano la mayiko la CITES, limene Malawi anasainira nawo, motero sungangoinyamula m'chikwama pochokera ku Pemba kapena ku Dar es Salaam popanda zikalata.

Chifukwa china chinali chachikulu kuposa zonsezi. Makilomita pafupifupi 50 okha kuchoka mu mzinda uno, ukatsetsereka kupita ku Nkhata Bay, pansi pa madzi pali matanthwe odzaza nsomba zimene anthu a ku Germany, Japan ndi America amazilipira ndalama zambiri kuti azione m'nyumba zawo.

Chuma cha pakhomo pathu

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Ya banja la chambo, utaka ndi mbuna yokha imaposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Dzina loti mbuna ndi la Chitonga cha ku Nkhata Bay, ndipo lero oweta nsomba a dziko lonse amalitchula momwemo. Ku Nkhata Bay komweko ndi kumene katswiri wa ku Britain, Geoffrey Fryer, anachita kafukufuku wake wa nsomba za m'miyala m'zaka za m'ma 1950. Mu 1956 iye anapatsa dzina la sayansi kansomba kotchedwa Labidochromis caeruleus, kamene mtundu wake wachikasu ndi umodzi mwa nsomba zowetedwa kwambiri m'mathanki padziko lonse.

Malonda otumiza nsombazi kunja anatchuka ndi malemu Stuart Grant, amene anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1970 ndipo malo ake anali ku Senga Bay m'boma la Salima. Nsomba ina yokongola, Aulonocara stuartgranti, inatchedwa dzina lake. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, makamaka pofuna kuteteza nsombazi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Moyo wonse wa mbuna uli pamiyala. Zimadya ndere zomera pamiyala, zimabisala m'mapanga, ndipo yaimuna imalondera kagawo kake ngati munda. Yaikazi ikaikira mazira imawasunga m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, nthawi zambiri osadya, mpaka ana atakhwima. Pa nthawi imeneyi imafuna pobisala. Thanki ya mbuna yopanda miyala yokwanira imasanduka bwalo la nkhonya, yamphamvu imathamangitsa zinzake mpaka kupha. Ndiye miyala sitingaichotse. Chofunika n'kuimanga bwino.

Mmene tinamangiranso

Tinayambira pa thanki yeniyeniyo. Kuti mudziwe malita, chulukitsani utali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kenako gawani ndi 1,000. Yathu ndi 100, 40 ndi 50, ndiye malita 200. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kutanthauza kuti madzi okhawo ndi ofanana ndi matumba anayi a chimanga, osawerengera miyala ndi galasi. Katebulo ka khofi sikangathe. Tinawotcheretsa choikapo chachitsulo, n'kuchiyeza ndi levulo ya amisiri omanga, ndipo pakati pa chitsulo ndi galasi tinayala thabwa ndi chithovu choyera chija chimabwera m'makatoni a TV. Thanki ya msinkhu umenewu imafuna galasi la mamilimita 8 kapena 10. La pawindo n'lopyapyala, musayerekeze.

Kenako miyala. Tinasankha yosalala, yopanda nsonga zakuthwa, yopanda dzimbiri kapena timizere tonyezimira ngati chitsulo. Mukadonthezera vinega pamwala n'kuchita thovu, ndiye kuti uli ndi laimu. Kwa nsomba zina umenewo ndi woipa, koma kwa mbuna ulibe vuto, pakuti madzi a m'nyanja yathu ndi a pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6. Tinaikwecha ndi burashi ndi madzi okha, popanda sopo, n'kuiyanika padzuwa masiku angapo. Kuyanikaku n'kofunika ngati miyala yachokera kumtsinje, chifukwa imatha kubwera ndi nkhono, ndipo nkhono zina ndi zimene zimafalitsa likodzo. Musaiphike pamoto. Mwala wokhala ndi mpweya kapena madzi mkati umatha kuphulika.

Lamulo loyamba, limene ndinalilipira ndi thanki yathunthu, ndi ili: miyala iyambe, mchenga ubwere pambuyo. Pansi pa thanki tinayala pulasitiki yolimba kuti mwala usakhudze galasi ndi nsonga imodzi. Miyala ikuluikulu yafulati tinaikhazika papulasitikipo, ing'onoing'ono pamwamba, mulu wotambalala pansi n'kumachepa pokwera. Palibe mwala umene tinautsamiritsa kugalasi la m'mbali. Mchenga tinathira pomaliza, wongokwana masentimita atatu kapena anayi, mozungulira miyalayo. Tsopano mbuna ikumbe mmene ingathere, ikafika pansi ipeza mwala wakhala kale pamaziko.

Lamulo lachiwiri ndi lija tinaphunzira kwa anthu a korali: chimene chili pamwamba pa chinzake chimatidwe. Tinasanja mulu wonse panja kaye, pakatoni yodulidwa mofanana ndi pansi pa thanki, n'kuujambula ndi foni kuti tisaiwale. Pamene miyala iwiri ikukhudzana bwino tinapaka supaguluu wokhuthara. Pamene pali mpata tinaika epoxy pakati pa guluu ndi guluu. Mnyamata uja ndi amene ankakanda epoxy, atavala magulovesi, ine n'kumakanikiza. Ena amalowetsa kathonje pampata n'kudonthezerapo supaguluu wamadzimadzi. Zimagwira msangamsanga ndipo zimalimba, koma zimatentha n'kutulutsa utsi woyabwa m'maso, choncho chitirani panja, ndipo ntchito imeneyo isakhale ya mwana.

Silikoni nayenso amagwira miyala youma, koma apa m'pamene ambiri amapha nsomba. Silikoni wa kubafa ndi kukhitchini nthawi zambiri amathiramo mankhwala oletsa chuku, ndipo mankhwalawo ndi poizoni m'thanki. Funsani wopanda chowonjezera chilichonse, makamaka wolembedwa kuti ndi wa mathanki a nsomba, ndipo mupatseni masiku osachepera awiri kuti aume. Mukapaka wambiri dikirani sabata, mpaka fungo la vinega litatheratu.

Chenjezo lina: musamate mulu wonse kukhala chimwala chimodzi. Tsiku lina mudzafuna kugwira nsomba yodwala kapena kutsuka pansi, ndipo simudzatha kuchinyamula. Ife tinapanga magulu atatu, lililonse loti munthu mmodzi n'kulinyamula ndi manja awiri. Tisanathire madzi tinayesa gulu lililonse polikankha ndi chala mbali zonse. Likagwedera, tinkayambiranso.

Madzi, kuzizira ndi magetsi

Miyala ikakhazikika, musathamangire kuikamo nsomba. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amatiteteza ife koma amawotcha makha a nsomba. Asiyeni mu ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, kapena thiranimo mankhwala ochotsa klorini. Thanki yatsopano imafunanso masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti mu fyuluta mumere tizilombo tabwino timene timasintha zinyalala za nsomba kuti zisakhale poizoni. Ngati muli ndi mnzanu woweta nsomba, mupempheni kachidutswa ka siponji ya fyuluta yake, ntchito imafulumira. Siponjiyo muziitsuka m'madzi ochokera m'thanki, chifukwa a pampopi amapha tizilombo tija. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo ena.

Kuno ku Mzuzu tili pamtunda, ndipo kuzizira kwa June ndi July si kwa kunyanja. Mbuna zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28, ndiye hita ndi yofunika, pamodzi ndi kachipangizo koyezera kutentha. Magetsi akazima, fundikani thanki ndi bulangeti, ikanimo botolo lotsekedwa la madzi ofunda, ndipo musadyetse nsomba mpaka atayaka. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kamapulumutsa. Ngati mulibe, tungani madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba kwa mphindi zingapo pa ola lililonse.

Za magetsi ndinenenso mobwereza, chifukwa usiku uja tikanataya zoposa nsomba. Soketi ndi ekisitenshoni zikhale pakhoma, pamwamba, osati pansi. Chingwe chilichonse chochokera m'thanki chiyambe chatsika kenako n'kukwera kupita ku soketi, kuti dontho loyenda pachingwe ligwere pansi. Musanalowetse dzanja m'madzi, zimitsani zonse. Ngati m'nyumba muli mwana woyamba kuyenda, thanki ikhale ndi chivundikiro, ndipo choikapo chake chikhale choti sangachikwere kapena kuchikoka.

Pa chakudya, kumbukirani kuti mbuna zambiri n'zodya ndere. Zipatseni chakudya cha nsomba chokhala ndi zamasamba, pang'ono, chimene zingamalize pa mphindi imodzi. Nyenyeswa za nsima, buledi ndi nyama zimaipitsa madzi ndi kutupitsa mimba. Matenda otupa mimbawa ndi odziwika kwambiri kwa oweta nsomba akunja moti anawatcha dzina la dziko lathu.

Nsomba muzipeze mwachilungamo

Kukhala pafupi ndi nyanja sikutanthauza kuti aliyense angapite ndi ukonde n'kukatapa mbuna. Lamulo la za usodzi limafuna chilolezo pa ntchito yogwira nsomba zamalonda, kuphatikizapo zowetera m'mathanki, ndipo m'dera la Lake Malawi National Park simuloledwa kugwiramo mbuna. Musanachite kanthu, kafunseni ku ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu. Zathu tinapatsidwa ndi mnzanga amene zinamuswera m'thanki mwake, ndipo nsomba zobadwira m'thanki sizivuta kuweta.

Mukatopa nazo musakazitaye kumtsinje, kudamu kapena kunyanja. Mbuna zambiri zimakhala pa matanthwe a dera limodzi lokha ndipo siziwoloka mchenga kupita kwina, n'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake. Zaka zambiri zapitazo, mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, ndipo akatswiri anadzapeza kuti zina zinayamba kuswana ndi za komweko. Zoterezi zikachitika palibe angazibweze. Perekani kwa mnzanu amene ali ndi thanki.

Pabalaza lero

Thanki yachiwiri yatha chaka tsopano. Zisanu ndi ziwiri zija zilipo zonse, ndipo yaikazi imodzi yatulutsa kale ana kawiri. Yaimuna yabuluu ija, imene tikuiganizira kuti ndiyo inafukula mwala woyamba, sinasiye khalidwe lake. M'mawa uliwonse timapeza yaunjika mchenga pakona, pansi pa phanga lake pali mbee mpaka pulasitiki kuonekera. Mwala uli pomwepo.

Loweruka lililonse, tikamasintha madzi, mnyamata uja amazimitsa magetsi, n'kupinda malaya, n'kukankha gulu lililonse la miyala ndi chala monga tinachitira tsiku loyamba. Palibe anamutuma, anangoyamba yekha. Agogo ake atabwera kudzacheza kuchokera ku Chintheche anaima pathankipo nthawi yaitali, kenako n'kuseka. "Timbuna tomweti? Ife tinkatiponda posamba." Mdzukulu wawo anawakokera mpando, nayamba kuwalozera imene yasunga mazira m'kamwa.